Tsiku la amayi lifike pa doko

Pa 8 Malichi chaka chilichonse, tsiku la amayi pa dziko lonse, timaona zomwezomwezo: chitenje chapadera, kuguba mumsewu, magule, kenaka mlendo wolemekezeka n'kulankhula mpaka dzuwa kupendeka. Chikondwererocho sindikuchida ayi. Chondiwawa n'chakuti eni tsikuli sapezekapo.

Amene adaliyambitsa adali amayi a m'mafakitale, ogwira ntchito maola ambiri pa malipiro ochepa, osaloledwa ngakhale kuponya voti. Mu 1910, pa msonkhano wa amayi ku Copenhagen, Clara Zetkin wa ku Germany adapempha kuti pakhale tsiku loti amayi a maiko onse azifuula pamodzi za ufulu wawo, ndipo mu 1911 lidachitika koyamba ku Germany, Austria, Denmark ndi Switzerland. Deti la 8 Malichi lidachokera kwa amayi a ku Petrograd, ku Russia, amene mu 1917 adanyanyala ntchito m'mafakitale a nsalu pofuna buledi komanso kuti nkhondo ithe. Bungwe la United Nations lidadzalitenga mu 1975, patapita zaka zambiri amayi osauka atalipsera kale manja.

Kwathu kuno, Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, adamema amayi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 atsamunda adamutsekera ku Zomba khanda lili m'manja. Anzake a lero ndimawaona m'madoko a ku Mangochi: ku Msaka, ku Malembo, ku Makanjira ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe.

Mayi wa geni ya usipa amadzuka kusanache kukadikira mabwato. Bwato si lake, ukonde si wake, choncho mtengo amautchula ndi wina. Mpamba wake ndi ngongole ya ku banki m'khonde, yoyenera kubwezedwa ndi chiongoladzanja. Malichi ndi mwezi wa mvula: usipa ukakhala pa thandala dzuwa osatuluka umaola, mpamba n'kuthera pomwepo. Ndipo nsomba zikasowa, ogula n'kuchuluka, pamabwera chija tonse timachidziwa koma timachinong'ona: msodzi wina amauza mayi kuti ndalama yokha sikwanira, agone naye kaye kuti amugulitse nsomba. Ena amati mayiyo wafuna yekha. Wafuna bwanji, ana akulira ndi njala, bambo wawo adapita ku Joni ndipo foni idasiya kulira? Iyi ndi nkhanza, ndiponso ndi njira imene kachilombo ka HIV kamayendera m'madoko athu.

Malamulo tili nawo. Loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lidabwera mu 2006. La chuma cha masiye, loletsa achibale kulanda katundu wa mayi wamasiye, mu 2011. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Komabe boma la Mangochi limatchulidwabe pakati pa maboma amene atsikana ambiri amasiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati. Lamulo lolembedwa m'Chingerezi, losungidwa mu ofesi pa boma, mayi wa ku Namwera limuthandiza bwanji ngati palibe adamufotokozerapo m'Chiyao?

Pempho langa kwa khonsolo, mafumu, mashehe ndi abusa ndi ili: mwambo wa chaka chamawa uchitikire pa doko, m'mawa mabwato akamakocheza. Amayi a geni alankhule okha, akuluakulu akhale pansi amvetsere. Makomiti a m'madoko anene poyera kuti ali ndi amayi angati m'maudindo, komanso chilango chimene amapereka kwa msodzi wopempha thupi la mayi. Ndalama ya chitenje ndi zakumwa igule zoumitsira nsomba zoti mvula isamalowemo, kapena ikhale poyambira kuti gulu limodzi la amayi ligule bwato ndi injini yakeyake.