Nkhondo ya impso tikuimenyera kumathero

Nkhani ya impso ikamveka pawailesi imamveka mofanana nthawi zonse: makina osefa magazi awonongeka, odwala akudandaula, akuluakulu akulonjeza kugula ena. Dandaulolo ndi lomveka. Koma dziko lomwe limakumbukira impso pokhapokha munthu atagona pa makina lachedwa kale, ndipo ndalama zomwe tikuthira kumathero a matendawa zikanapulumutsa anthu ambiri zikanapita koyambirira.

Impso sizilira zikamawonongeka. Munthu amalima, amapalasa njinga, amadya bwinobwino pomwe mphamvu ya impso zake yatha kupitirira theka. Pofika pamene mapazi ndi nkhope zatupa, mkodzo ukuchita thovu, mseru wosatha, nthawi zambiri palibenso chobwezeretsa. Zomwe zimazidya si zachilendo ayi: kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Onjezanipo likodzo la m'mbali mwa nyanja lomwe limatseka njira za mkodzo, chizolowezi chomeza brufen wa pagolosale tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, komanso mankhwala azitsamba a m'mabotolo omwe ngakhale wogulitsa sadziwa muyeso wake.

Tsono taonani mtengo wa kuchedwa. Impso zikaferatu, munthu amafunika kusefedwa magazi katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, mpaka moyo wake wonse. Makinawo ali m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Mlimi wa ku Nsanje ayenera kusiya munda, kukapempha pogona kwa achibale ku Blantyre, banja lonse n'kusanduka osamalira matenda. Ofuna kuikidwa impso ina amayang'ana kunja, makamaka ku India, ndipo ulendowo si wa aliyense. Pomwe kuyeza koyambirira ndi kophweka kodabwitsa: kapepala kopyapyala koviika mumkodzo kamaonetsa m'kanthawi kochepa ngati impso zikutaya mapuloteni, kachipangizo komanga pamkono kamauza BP, ndipo kuyeza creatinine m'magazi kumatsimikiza. Wopezeka msanga akapatsidwa mankhwala otchipa monga enalapril n'kuchepetsa mchere mundiwo, akhoza kukhala zaka zambiri osawaona makina.

Ena ati kuyankhula chonchi ndi kutaya anthu omwe ali kale pamzere. Ayi. Makina ndi ofunika, makamaka kwa omwe impso zaima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kolera kapena mavuto a uchembere. Oterewa akasefedwa masiku ochepa impso zimatha kudzukanso, munthu n'kubwerera kumudzi. Vuto ndi loti bedi lomwe likanamupulumutsa limakhala litadzazidwa ndi wodwala yemwe BP yake ikanagwidwa zaka khumi zapitazo. Tikapanda kutseka mpopi, makina ngakhale achuluke chotani mzere sudzatha.

Ena ati kuyeza n'kopanda pake poti mankhwala amasowa m'zipatala. Apa pali zoona, koma yankho lake ndi kugula mankhwalawo, osati kusiya kuyeza. Dziko lino lidakwanitsa kufikitsa ma ARV mpaka kuzipatala zazing'ono zakumudzi, ndi kaundula wake, ndi masiku ake obwererako. Amene adachita zimenezo sangatiuze kuti mapiritsi a BP ndi ovuta. Ndiponso omwe amalandira ma ARV aja ndi omwe akuyenera kuyezedwa impso kawirikawiri, poti ena mwa mankhwalawo, monga tenofovir, amatha kuzivulaza mwa anthu ena.

Choncho aphungu akamakambirana bajeti ya zaumoyo, asangofunsa kuti makina tagula angati poti makina amaoneka bwino pa chithunzi. Afunse kuti ndi zipatala zingati zazing'ono m'dera lawo zomwe lero zili ndi zoyezera mkodzo komanso choyezera BP chokhala ndi mabatire.