Za mudzi zipite pabwalo, za munthu zitsale m'nyumba

Ana anga a ku Bembeke, makolo athu ankadziwa kusiyanitsa nkhani ya pabwalo ndi nkhani ya m'nyumba. Mlandu wa malire a dimba unkakambidwa masanasana pansi pa mtengo, ndipo ngakhale mayi wodutsa ndi nkhuni ankatha kutula mtolo n'kumvetsera nawo. Koma zovuta za m'banja zinkathera m'makutu mwa ankhoswe, ndipo woulula za m'nyumba ya eni sankatumidwanso. Masiku ano tazitembenuza. Za tonse zikukambidwa chitseko chili chotseka, pomwe za munthu mmodzi zikuyenda m'manja mwa aliyense.

Taonani chiphaso cha unzika. M'chaka cha 2017 boma, kudzera ku National Registration Bureau, linalemba m'kaundula anthu oposa 9 miliyoni. Tinapereka mayina, masiku obadwa, nkhope zathu ndi zidindo za zala. Lero popanda kakhadi kameneka simungalembetse nambala ya foni, kutsegula akaunti ku banki, kapena kugula feteleza wotsika mtengo. Nanga bwanji nyengo ya feteleza ikafika timaona munthu mmodzi atatolera ziphaso za anthu m'jumbo, ati akawaombolere? Gogo amapereka chake chifukwa wotolerayo ndi mwana wa pamudzi pomwepo, anamuona akukwawa. Tsiku lopita yekha kukagula, amauzidwa kuti matumba ake anatuluka kale, ndipo chaka chimenecho chimanga chake chimachita chikasu chisanafike m'chiuno. Madzi akatayika saoleka. Nambala ya chiphaso ikalowa m'foni ya wakuba simungakaichotsemo.

Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Wotenga mbiri yanu ayenera kukuuzani chimene akuifunira, aisunge bwino, asaigwiritse ntchito ina. Koma MACRA sidzabwera kudzatseka kabati ya mlembi wa komiti kuno kumapiri. Kope la mlembiyo limatetezedwa ndi khalidwe la mwini kulisunga. Inu alembi, alangizi ndi azaumoyo a m'midzi, m'makope mwanu muli amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo, muli amasiye, muli osowa pogwira. Mayina a olandira Mtukula Pakhomo awerengedwe ndithu pagulu kuti mudzi uvomereze kuti ndi oyeneradi. Pamenepo palibe cholakwika. Koma nthenda ya munthu, nambala ya foni yake ndi ya chiphaso chake, gulu lilibe nazo ntchito. Ndipo musajambule tsamba la kope n'kuliponya pa WhatsApp. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndalama za chitukuko ndiye za pabwalo. Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko imatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu kufupi ndi ife, ndipo lero tili ndi khonsolo ku Dedza, ndi makomiti a VDC ndi ADC m'madera mwathu. Komabe ambiri timachita manyazi kufunsa, poopa kuti atiyesa amwano kapena otumidwa ndi chipani. Safunsa anadya phula. Kufunsa kuti mlatho wadya ndalama zingati, matumba a simenti anali angati, kontirakitala anasankhidwa ndi yani, si kunyoza mfumu kapena khansala. Mtsogoleri wa manja oyera amakondwa ndi funso lotere, chifukwa limamuchotsera miseche. Tikangokhala chete, wosakhulupirika amazika mizu, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Choncho kukakhala msonkhano wa komiti, siyani khasu m'dimba la mbatata kwa theka la tsiku, mukakhale nawo. Pemphani kuti zimene anagwirizana ulendo watha ziwerengedwe mokweza, ziwerengero zonse zitchulidwe. Zikapanda kumveka, lembani kalata ku khonsolo mofatsa ndi mwaulemu, ina yofanana nayo musunge m'nyumba. Akapanda kukuyankhani, kapena akakukanizani popanda chifukwa chomveka, katuleni dandaulo lanu ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamulo la Access to Information.