Kodi Zosema za ku Mua Ndi Mafano?

Tili ndi mlandu umene tifuna kuutula pabwalo lino, ndipo tiutula osapsatira mawu. M'chilimwe chapitachi tinatenga ana a kalasi lathu ndi kupita nawo ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, kuti akaone chionetsero cha zosema ndi zojambula pa nyumba ya luso yotchedwa Kungoni. Anawo anabwerako okondwa, nafotokozera akwawo zonse adaziona. Koma Sabata lotsatira, potuluka m'nyumba ya Mulungu, mkulu wina wa mpingo, munthu waimvi amene timlemekeza, anatiimika pakhomo nati, "Aphunzitsi, tamva kuti mwakaonetsa ana athu mafano." Mawu amenewa ayenda kale m'midzi itatu, ndipo makolo ena anenetsa kuti mwana wawo asadzapitenso pa ulendo wotere.

Sitinyoza mantha a mkuluyo, pakuti tidziwa kumene achokera. Ansembe a White Fathers anamanga Mua m'chaka cha 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 panali kulimbana kwakukulu m'dziko la Achewa pakati pa sukulu za mishoni ndi dambwe. Anyamata ambiri anasiya sileti natsata gule, aphunzitsi anaopsedwa, ndi iwo amene anasankha kubatizidwa anadedwa ndi abale awo enieni. Mdzukulu wa anthu otere akamva kuti ku Mua kuli chipinda chodzala ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, mtima wake uyenera kudumpha. Komatu mlandu sauweruza ndi mantha. Auweruza ndi mboni, ndipo ife amene tinapitako tichite umboni.

Nyumbayi inayamba m'chaka cha 1976, pamene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, amene anthu anampatsa mfunda wa Chisale, anasonkhanitsa amisiri osema kuti agwire ntchito pamodzi ndi kuphunzitsa anzawo. Pambuyo pake panamangidwa nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yofotokoza mbiri ya mishoniyo ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zigoba zija zili m'menemo, nzoona. Koma chimene chinagwira maso a ana athu ndicho zinthu zatsopano, zopangidwa ndi anthu amene ali moyo lero lino: mayi wobereka mwana kumbuyo atasenza mtsuko, ndi Ambuye pamtanda ali ndi nkhope yonga yathu. Anaima nthawi yaitali kupenyerera mmisiri alikusema chipika ndi sompho, kufikira mphuno ndi milomo zinatuluka mu mtengo. Sitinaone munthu alikugwadira kanthu, kapena kuthira ufa wa nsembe. Tinaona anthu alikuyang'ana, kufunsa, ndi kutsutsana ngati dzanja lija lasemedwa bwino kapena iai.

Tsono titsegule Buku, pakuti m'menemo ndimo otitsutsa aima. Inde, lamulo lachiwiri, pa Eksodo 20, liletsa kupanga fano ndi kuligwadira. Koma kodi iwo amene aloweza mutu umenewu anaima pomwepo osawerenga patsogolo? Pa mutu 25 Mulungu yemweyo alamulira kuti apange akerubi awiri agolidi pa chotetezerapo cha likasa. Pa mutu 31 atchula Bezaleli ndi dzina lake, namdzaza ndi Mzimu wake, si kuti alalike kapena kutsogolera nkhondo, koma kuti agwire ntchito ya golidi, siliva ndi mkuwa, azokote miyala, aseme mitengo. Solomo anakongoletsa makoma a Kachisi ndi akerubi, akanjedza ndi maluwa osema, naimika thawale lamkuwa pa misana ya ng'ombe 12. Kodi onsewa anaswa lamulo?

Ndipo taonani njoka yamkuwa. Mose anaipanga m'chipululu pomvera Mulungu, ndi olumidwa anachira poiyang'ana. Patapita mibadwo, mfumu Hezekiya anaiphwanya, chifukwa ana a Israyeli anayamba kuifukizira zonunkhira. Njokayo inali imodzimodzi, mkuwa wake sunasanduke. Chinasanduka ndi mtima wa anthu oima patsogolo pake. Momwemo ife titi, ngati mwana wathu abwera ku Mua nayamba kupempha mvula kwa chipika, bwerani mutidzudzule pamaso pa mpingo wonse, ndipo tidzavomera. Koma ngati abwerako nafunsa pensulo ndi pepala, mlandu wake uli pati?

Pano tinene chinthu chowawa, ndipo akulu atikhululukire. Talowa m'nyumba zambiri za Akhristu, ndi m'nyumba za otsutsa omwewa. Pakhoma pali kalendala yokhala ndi chithunzi cha Yesu wa tsitsi lalitali lofiirira ndi khungu loyera, chojambulidwa ndi mmisiri wa kutsidya kwa nyanja. Palibe anachitcha fano. M'mabuku a Sande Sukulu muli Danieli pakati pa mikango ndi Nowa ndi chingalawa chake, ndipo ife eni tinaphunzira nazo. M'mbale ya chopereka timaponya ndalama zokhala ndi nkhope ya John Chilembwe, mtima uli m'malo. Nanga bwanji chithunzi chisanduka fano pokhapo chapangidwa ndi dzanja la mnansi wathu, pa mtengo wa mbawa wa m'dziko lathu lino? Tiopa kuti chimene tichikana si fano ai, koma tazolowera kuyesa kuti chokoma chilichonse chichokera kutali, ndi kuti chotuluka m'manja mwathu chiyenera kukhala ndi chiwanda m'kati. Ngati kuli tero, tisachikute ndi dzina la chipembedzo.

Mwina wina adzati, "Nyumbayo nja Akatolika, ife sitili a kumeneko." Tiyankha mwachidule: pamene mwana adwala simufunsa ngati chipatala ncha mpingo uti.

Tsono onani chimene chituluka mu kukana kwathu. Zosema za amisiri a ku Mua zafika m'matchalitchi a ku Ulaya, ndipo nyumba ina yopemphereramo mumzinda wa Munich ku Germany inakongoletsedwa ndi manja awo. Alendo aoloka nyanja, nalipira ndalama zambiri kuti adzaone. Gule Wamkulu bungwe la UNESCO linamtchula m'chaka cha 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo m'chaka cha 2006 linalemba m'kaundula wake zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127, kumene Akafula ndi makolo athu Achewa anasiya zizindikiro zofiira ndi zoyera pamiyala. Koma ife, amene tikhoza kufikako ndi kubwerera dzuwa lisanalowe, ambiri sitinapondepo phazi. Potero mmisiri alibe womuweruza mwa anthu ake. Wogula wake ndiye mlendo, ndipo asema chimene mlendo afuna. Ndicho chifukwa m'mbali mwa misewu muona mvuu, njovu ndi mipando yofanana ngati nyemba, chaka ndi chaka, ndi mitengo ya phingo ilikutha chifukwa cha izo. Amisiri otere tiwadzudzula, pakuti akwirira talente yawo. Koma tidzawadzudzula bwanji ndi nkhope yowongoka, ife amene sitinapite nkamodzi komwe kukaona chinthu chawo chatsopano ndi kunena, "Ichi nchabwino, icho mwachita ulesi"?

Asatimve molakwa. Sitinena kuti zonse zoonetsedwa m'nyumba zotere nzokoma. Zina nzosalongosoka, ndi zina sitingazipachike m'kalasi. Sitinenanso kuti Mkhristu akavine kudambwe. Kuyang'ana chigoba chili pakhoma, wina alikufotokoza mwambo umene chiphunzitsa, nkosiyana ndi kuchivala, monga kuwerenga za Farao sikusandutsa munthu Mwigupto. Ndipo mwana amene waona chinthu masana, mphunzitsi wake ali pambali, sachiopa usiku monga achitira iye amene anangomva manong'onong'o.

M'kalasi lathu muli mnyamata wina wolemera mutu pa masamu, amene zaka zonsezi takhala tikumuyesa wopanda pake. Chibwerere ku Mua wajambula ndi makala agogo ake alikupeta mapira, ndipo aliyense wa m'mudzimo akaona anena dzina la gogoyo osauzidwa. Atate wake, atamva mawu a mkulu uja, anang'amba mapepala awiri. Lachitatu tinalipempha, ndipo lili m'kabati ya sukulu.

Tikakolola tidzapitanso ku Mua ndi kalasi lina, makolo akalola. Kwa bambo wathu amene anatiimika pakhomo paja titi: malo anu m'galimoto tasunga, ndi ndalama ya ulendo tidzalipira ife. Mutenge Buku lanu, mulowe chipinda chilichonse, mufunse amisiriwo mafunso onse muli nawo. Mukapeza munthu mmodzi alikugwadira mtengo, tidzalemba m'tsamba lomwe lino kuti tinalakwa.