Maganizo a Mkonzi: Ana athu nawonso akapikisane kunja

Gombe la Senga Bay ku Salima ladziwika ndi nyimbo. Pa Sunbird Livingstonia padachitikirapo Sand Music Festival, chikondwerero chomwe adayambitsa malemu Lucius Banda, ndipo mu 2018 chikondwerero cha Lake of Stars chidachitikira ku Kabumba Hotel. Koma pansanjapo timaonapo akuluakulu okhaokha, pomwe ana a asodzi, omwe amaimba mokoma m'makwaya a kutchalitchi, kumadrasa ndi kusukulu, amangomvera kunja kwa mpanda.

Anzathu kunja sachita choncho. Ku Ulaya, mpikisano wa Junior Eurovision, womwe udayamba mu 2003 ku Copenhagen, umasonkhanitsa ana a zaka 9 mpaka 14, aliyense kuimira dziko lake. Georgia, dziko la anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi Malawi, lidapambana mu 2008, 2011, 2016 ndi 2024. Mpikisano umenewo ndi wa eni ake, koma ilipo ina yotseguka kwa onse. World Choir Games, yomwe imalandiranso makwaya a ana, idafika pafupi pompano, ku Tshwane m'dziko la South Africa, mu 2018.

M'mera mpoyamba. Phunziro la Expressive Arts m'sukulu za pulayimale lisathere pabolodi. Tikupempha khonsolo ya Salima, eni mahotela ndi okonza zikondwerero kuti akhazikitse mpikisano wa ana chaka ndi chaka, kuyambira m'mazoni mpaka paboma. Opambana apatsidwe mpata pansanja yaikulu, aphunzitsi odziwa nyimbo, ndiponso mapasipoti ndi thiransipoti kuti akaimire Malawi kunja. Boma ndi makampani athandizepo ndi ndalama.