ZILEMBO ZA MFUMU SEJONG NDI KATEKISIMU WA ANTHU WAMBA

Mwezi uno tibwera kwa inu ndi manyazi pang'ono. Ife amene takhala tikuimirira patsogolo pa akatekumeni kwa zaka zoposa makumi awiri, tinapezeka titakhala pa kampando ka ana, pensulo m'manja, tikuphunzitsidwa kuwerenga ndi mwana wobala tokha.

Nkhani inayamba motere. Mu 2023, ku Lisbon, Papa Francis analengeza kuti msonkhano waukulu wa acinyamata Acikatolika a dziko lonse udzacitikira ku Seoul, likulu la South Korea, mu 2027. Mwana wathu wamkazi wotsiriza, amene aimba m'kwaya ya acinyamata, anaimva nkhaniyi, ndipo kucokera tsiku limenelo mtima wake uli ku Korea. Za komwe ndalama za ndege zidzacokera sitinagwirizane, ndipo sitifuna kuzitsegula pano. Koma tsiku lina madzulo tinampeza akujambula timizere ndi timabwalo m'kope lace la masamu. Titamdzudzula kuti akuononga pepala, anayankha mwaulemu: "Atate, izi ndi zilembo za Cikoreya. Ngakhale inu mungathe kuziphunzira m'sabata imodzi." Mau akuti "ngakhale inu" ndiwo anatilasa, ndipo tinakoka kampando.

Zilembozo azicha Hangul. Kale anthu a ku Korea analemba ndi zizindikiro za ku China, zimene ziri zikwi zambiri, ndipo munthu amatha zaka kuti azidziwe. Nthawi yotere anali nayo ana aamuna a anthu olemekezeka okha. Mlimi, woumba mbiya ndi mai wapakhomo analibe njira yolembera ngakhale dandaulo lao kwa oweruza. Mfumu Sejong inaona cimeneci, ndipo mu 1443 inakonza zilembo zatsopano 28. Mu 1446 zinalengezedwa m'buku lochedwa Hunminjeongeum, dzina lotanthauza mamvekedwe oyenera ophunzitsira anthu. Zinai mwa zilembozo zinasiyidwa m'kupita kwa nthawi. Lero zotsala ndi 24: makonsonanti 14 ndi mavawelo 10.

Cimene cinatigwira mtima usiku woyamba ndi ici. Cilembo cathu ca "m" sicitiuza kanthu za milomo. Tinangocilandira kwa aphunzitsi ndi kuciloweza. Koma zilembo zoyambira za Sejong ndi zithunzi za m'kamwa. Ca ㅁ ndi "m", ndipo ciri ngati kabokosi cifukwa cifanizira kamwa. Ca ㄴ ndi "n": cionetsa lilime litapindika kukhudza m'nkhama za kumwamba. Ca ㄱ, cimene cimveka pakati pa "g" ndi "k", cionetsa tsinde la lilime likutseka kummero. Ca ㅅ ndi "s", cooneka ngati dzino, ndipo kabwalo ㅇ ndi khomo la mmero. Tinakhala pamenepo tikuchula "na, na, ga, ga" ndi cala pakhosi, amai a m'nyumba akutiyang'ana ngati tadwala malungo.

Mavawelo nawo anamangidwa ndi zinthu zitatu: kadontho koimira thambo, mzere wogona woimira dziko lapansi, ndi mzere woimirira woimira munthu. Kadontho kaja masiku ano kamalembedwa ngati kamzere kakafupi. Kakakhala kudzanja lamanja la mzere woimirira, ㅏ, muwerenge "a". Kakakhala pamwamba pa mzere wogona, ㅗ, ndi "o". Pansi pace, ㅜ, ndi "u". Mzere woimirira wokha, ㅣ, ndi "i".

Pali malo ena pamene ife olankhula Cinyanja tiri ndi mwai woposa Mzungu. Tonse tidziwa kuti "kola" si "khola", ndipo "pala" si "phala". Kampweya kaja timakalemba ndi "h". Akoreya nawonso amasiyanitsa mau ndi kampweya komweko, koma iwo amasintha cilembo cace pang'ono. Onjezerani kamzere pa ㄱ, mupeza ㅋ, ndiye "kh". Onjezerani pa ㄷ, mupeza ㅌ, ndiye "th". Ca ㅂ ciri ndi mbale wace ㅍ, "ph". Ndiponso, inu amene munamenyedwapo ndi rula kusukulu cifukwa cosokoneza "l" ndi "r", mudzakondwa kumva kuti ku Korea cilembo cimodzi, ㄹ, cigwira nchito zonse ziwiri, ndipo palibe mwana alira naco. Kabwalo ㅇ kakakhala poyamba sikamveka konse, kamangosunga malo. Kakakhala potsiriza kamamveka ngati "ng'" wa m'mau akuti ng'ombe.

Zilembozi sizindandalikidwa mumzere monga zathu. Zimaunjikidwa m'timagulu, kagulu kamodzi liu limodzi, monga momwe asisitere anatiphunzitsira ku sukulu ya misyoni kuti "ma, me, mi, mo, mu" tikulemba ndi cala pamcenga. Ikani ㅁ pambali pa ㅏ, mwalemba 마, "ma". Dzina la Amai Maria lilembedwa 마리아, ndipo la Ambuye Yesu 예수. Mwana wathu anatilembera 우유 natiuza kuti tiwerenge. Tinawerenga "uyu", tikuyesa kuti akutinyoza. Anaseka nati ku Korea mau amenewo atanthauza mkaka. A Phiri onse amene muwerenga nkhani ino dziwani kuti mfunda wanu ulembedwa 피리, ndipo kumeneko limenelo ndi dzina la citoliro. A Zulu ndiwo ali pamavuto, pakuti Cikoreya ciribe "z". Ngakhale dziko lathu alilemba 잠비아, cimene cimveka ngati "Jambia".

Masiku awiri oyamba anapita mokoma. Lacitatu zinthu zinatembenuka. Pali vawelo ㅓ, yosiyana ndi ㅏ kokha cifukwa kamzere kaloza kumanzere, ndipo liu lace m'Cinyanja mulibe. Liri penapace pakati pa "o" ndi "a". Palinso ㅡ, imene muichula ngati "u" koma milomo ili yotambasuka. Pamwamba pa izi pali makonsonanti asanu olembedwa mophatikiza, monga ㄲ ndi ㅃ, ochulidwa molimbitsa khosi. Maso athu a zaka makumi asanu ndi mphambu anayamba kusokoneza kumanja ndi kumanzere, pamwamba ndi pansi. Tinalakwa liu limodzimodzi kasanu. Pa kacisanu ndi cimodzi mwana wathu sananene kanthu. Anangopuma mpweya wautali nayang'ana nthawi pa foni yace. Nkhope yathu inatentha, ndipo tinanamizira mutu kuti tikagone.

Tulo sitinatipeze. Kupuma kuja tinakuzindikira, cifukwa ndi kwathu. Caka catha, pokonzekera ubatizo wa akuluakulu, munali m'kalasi mwathu amai ena acikulire, amasiye, amene sanapondeko kusukulu. Anatipempha kuti tiwathandize kuwerenga Atate Athu m'buku, ngakhale analidziwa pamtima, cifukwa anafuna kuona ndi maso ao comwe pakamwa pao pamanena. Anali kusokoneza "b" ndi "d". Tsiku lina, atalakwa kangapo pamaso pa ana a zaka khumi ndi ziwiri, ife tinapuma motero, tinayang'ana wochi, tinati, "Amai, lowezani cabe, kuwerenga kusiyireni adzukulu." Anabatizidwa pa Pasaka, koma buku lija sitinalionenso m'manja mwao.

Mau athu aja si atsopano. Akuluakulu a ku Korea ananena ofanana nawo. Mu 1444 nduna yophunzira kwambiri, Choe Manri, pamodzi ndi anzace analembera mfumu kutsutsa zilembo zatsopanozo, poona kuti zidzatsitsa ulemu wa maphunziro a ku China. Kwa zaka mazana anai ophunzira anazinyoza, kuzicha zolemba za anthu wamba ndi za akazi. Mu 1504 mfumu ina, Yeonsangun, inaziletsa itapeza kuti anthu alemba nazo zikalata zoidzudzula. Koma amai anapitiriza kulemberana nazo makalata, ndipo m'manja mwa onyozekawo ndi momwe Uthenga Wabwino unazipeza.

Apa ndipo nkhaniyi itikhudza ife Akatolika. Eklezia wa ku Korea sanayambidwe ndi amisyoni. Anthu ophunzira a kumeneko anawerenga mabuku a Cikhristu olembedwa m'zizindikiro za ku China, ndipo mmodzi wa iwo, Yi Seung-hun, anabatizidwa ku Beijing mu 1784 nalandira dzina la Petro. Atabwerera kwao anabatiza anzace. Pamene wansembe woyamba, Bambo Zhou Wenmo wa ku China, analowa m'dzikomo patapita zaka khumi, anapeza Akhristu zikwi zingapo amene sanaonepo Misa. Cikhulupiriro cikadakhala m'mabuku a ku China okha, cikadatsala ca ophunzira. Koma mmodzi wa ophunzirawo, Augustine Chong Yak-jong, bambo wa banja ndi mtsogoleri wa bungwe la akhristu eni ake lophunzitsa cikhulupiriro, analemba katekisimu wochedwa Jugyo Yoji m'zilembo zonyozeka zija, m'mau amene mlimi ndi wanchito wa m'nyumba akanatha kumva. Ndiye katekisimu woyamba m'Cikoreya, ndipo wolemba wace anali mnzathu pa nchito ya ukatekisi.

Mu 1801 boma linaukira Akhristu. Augustine anadulidwa mutu, Bambo Zhou anaphedwanso, ndipo kwa zaka zoposa 30 m'dziko lonse munalibe wansembe wokhalamo. Mabanja anathawira kumapiri, ambiri nayamba kuumba mbiya kuti apeze cakudya. Kumeneko anakopera pamanja mapemphero ndi ciphunzitso m'Hangul, amai naphunzitsa ana ao usiku. Tiyeni tiganizire outstation yathu iriyonse imene imadandaula wansembe akapanda kufika miyezi itatu.

Mwana wa Augustine, Paul Chong Ha-sang, anali wamng'ono pamene atate ace anaphedwa. Atakula anayenda maulendo ambiri obisika kupita ku Beijing kukapempha ansembe, ndipo iye ndi anzace analembera ngakhale Papa ku Roma. Anaphedwa mu 1839, caka comwe anaferanso amai ace, Cecilia Yu So-sa, ndi mlongo wace Elizabeth. Onse atatu ali m'gulu la ofera cikhulupiriro 103 amene Papa John Paul II, yemwe uja anadzaticezera kuno mu 1989, anawalengeza kukhala oyera ku Seoul pa 6 Meyi 1984. Mwa iwo 10 anali amisyoni a ku France ndipo 93 anali Akoreya. Mwa Akoreyawo wansembe anali mmodzi yekha, Andrew Kim Taegon, wodzozedwa mu 1845 ndi kuphedwa mu 1846 ali ndi zaka 25. Timawakumbukira pa 20 Sepitembala. Augustine mwini wace anachedwa Wodala ndi Papa Francis mu 2014, pamodzi ndi anzace 123.

Tisanamize munthu: kudziwa zilembo si kudziwa cinenero. Patapita masiku khumi ndi awiri, osati sabata imodzi, tinatha kuwerenga mokweza mzere wa Cikoreya, pang'onopang'ono, osamva ngakhale liu limodzi, monga atate athu ankayankhira Misa ya Cilatini. Cinenero ceniceni cifuna zaka, ndipo nchito imeneyo taisiyira mwana wathu. Koma tsiku limene timizere tija tinaleka kukhala timizere, pamene maso athu anagwa pa 마리아 ndipo pakamwa panachula pokha dzina la Amai athu, tinamva cimwemwe cimene tinaciiwala kuyambira tiri m'Giredi 1. Cimeneco ndico amai aja anali kupempha, ndipo ife tinawamana cifukwa ca mphindi khumi.

Loweruka lapitali tinapalasa njinga kupita kwao. Tinawapeza akusenda nshawa pakhonde. Titalonjerana, tinaturutsa kope lathu la Cikoreya ndi kuwaonetsa tsamba la tsiku lacitatu lija, lodzala ndi zofufuta ndi zizindikiro zofiira za mwana wathu. Analiyang'ana nthawi yaitali, atalizondotsa, nafunsa kuti analemba zoipa cotere ndi mdzukulu uti. Tinawauza kuti ndife. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi citenje. Pamenepo tinapepesa za tsiku lija, ndipo tinawafunsa ngati buku lao akali nalo.

Analowa m'nyumba, nabwera nalo litakulungidwa m'pulasitiki ya shuga. "Aphunzitsi," anatero, "bwerani Lacitatu dzuwa likapendeka. Ndiitananso anzanga awiri a mu mphakati, nawonso 'b' awavuta. Koma wochi yanu ija muisiye kunyumba."