Nkhondo Sigwa Ngati Mvula

Chaka chilichonse pa 3 Malichi Amalawi sitipita kuntchito kapena kusukulu pokumbukira anthu amene adafera dziko lino. Ife amene tidakulira ku Nkolokosa m'masiku a chipani chimodzi tikukumbukira m'mene tsikuli linkakhalira: misewu ili zii, malo omwera mowa ali otseka, wailesi ikuulutsa zachisoni zokhazokha kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo mwana wopezeka akusewera mpira ankaika makolo ake m'mavuto. Lero zinthu zidafewa, koma pali mawu ena amene sadasinthe. Paliponse pamene akuluakulu akukambirana za tsikuli, kaya ndi pabawo kaya ndi pasiwa, pamapezeka wina wopukusa mutu n'kunena kuti, "Zidayenera kutero basi. Ufulu subwera popanda mwazi." Onse amavomereza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawu amenewa ine ndimawakana, ndipo ndikufuna kuti inu ophunzira muwakane pamodzi nane. Amamveka ngati ulemu kwa omwalira, koma ntchito yawo yeniyeni ndi kusambitsa m'manja anthu amene adali ndi mphamvu zoletsa imfa koma sadailetse. Tikati chinthu chidayenera kuchitika ndiye kuti palibe wolakwa. Changogwa ngati mvula, ndipo mvula saizenga mlandu. Koma nkhondo, makamaka yapachiweniweni imene imabuka chigawo china chikafuna kupatuka, imakhala ndi oitereka, oisonkhezera ndi oipakula, ndipo onsewo amakhala ndi mayina ndi maudindo. Dziko lathu lino lidafika m'mphepete mwenimweni mwa nkhondo yotere m'chaka cha 1959. Kuti silidagweremo si mwayi ayi, ndipo kuti anthu ena adafa chisanabwerere m'mbuyo si tsoka lochokera kumwamba.

Tiyambe ndi chimene makolo athu ankafuna kupatukako. M'chaka cha 1953 boma la ku Mangalande lidamanga pamodzi maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kukhala Chitaganya chimodzi chokhala ndi likulu ku Salisbury, mzinda umene lero timautcha Harare. Kwathu kuno ukwati umamangidwa pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mkazi amafunsidwa ngati walola. Ukwati wa Chitaganya udalibe nkhoswe ya mbali yathu. Ku Southern Rhodesia kudachitika voti yofunsa maganizo a anthu, koma pafupifupi onse oponya votiyo adali azungu. Kuno ku Nyasaland munthu wakuda sadafunsidwe, ngakhale kuti yankho lake lidali lodziwika kale. Anthu athu zikwizikwi adali atagwirapo ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia, adali atayendapo ndi chitupa m'thumba, ndipo ankadziwa bwino lomwe m'mene mzungu wa kumeneko ankakhalira ndi munthu wakuda. Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Chitaganya, adafanizira ubale wa mitundu iwiriyi ndi wa kavalo ndi womukwera. Kodi pamenepa kavalo adali yani?

Tsono werengani nthawi zimene Angerezi adachenjezedwa. M'chaka cha 1939 bungwe lofufuza la Lord Bledisloe, limene iwo omwe adalituma, lidawauza kuti anthu akuda a maiko awiri a kumpoto sakufuna kuphatikizidwa ndi Southern Rhodesia. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu a ku Nyasaland adapita mpaka ku London kukadandaula, koma sadaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Chaka chomwecho Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma potsutsa Chitaganya, ndipo pa zipolowe zimene zidayambira ku Thyolo anthu 11 adaphedwa. M'chaka cha 1957 bungwe la African Affairs Board, limene lidakhazikitsidwa kuti lizitchinjiriza anthu akuda ku malamulo atsankho, lidanena kuti kusintha kwa malamulo oyendetsera Chitaganya kukupondereza anthu akuda, koma nyumba ya malamulo ya ku London idavomereza kusinthako. Apa mpamene ngakhale munthu wofatsa adaona kuti njira ya makalata ndi madandaulo yatsekeka. Pajatu akuluakulu adati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma choipa cha nkhaniyi n'chakuti nkhwangwayo idagwera m'mitu ya ena.

China chimene chidawonjezera moto ndi chaka cha 1960, pamene malamulo a Chitaganya ankayenera kuunikidwanso. Roy Welensky, amene adalowa m'malo mwa Huggins m'chaka cha 1956, sankabisa kuti akufuna Chitaganya chidzilamulire chokha popanda dzanja la London. Atsogoleri achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza adaona kuti zikatero khomo litsekeka mpaka kalekale. N'chifukwa chake adaitana Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Pa 25 Januwale 1959 nthumwi za chipanichi zidachita msonkhano wachinsinsi patchire pafupi ndi Blantyre, Dr. Banda palibe. Akazitape a boma adakanena kuti pamenepo padapanganidwa chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Nduna ya ku Mangalande, Lord Perth, imene inkayembekezeka kubwera kudzakambirana za malamulo atsopano a Nyasaland, idalepheretsa ulendo wake, ndipo m'malo mwa nduna kudabwera asilikali a ku Southern Rhodesia pandege. Taonani kusankhako: mpando wokambirana udalipo, koma adatumiza mfuti.

M'bandakucha wa pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi. Dr. Banda adagwidwa kunyumba kwawo ku Limbe ali ndi zovala zogonera, n'kuwaulutsa kupita kundende ya Gwelo. Ku Nkhata Bay khamu la anthu lidasonkhana padoko pofuna abale awo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali adawombera. Lipoti la boma lidati adafa pamenepo ndi anthu 20, ngakhale kuti eni dera amati adaposa apo. M'dziko lonse anthu 51 adaphedwa, onse akuda, ndipo oposa 1,300 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ambiri a iwo adasungidwa ku Kanjedza, pamtunda woti munthu wa ku Nkolokosa atha kuyenda wapansi.

Boma la ku Mangalande lidatuma woweruza milandu, Patrick Devlin, kudzafufuza, ndipo lipoti lake lidatuluka mu Julayi chaka chomwecho. Sindibisa zimene zili zowawa kwa ife: Devlin adapeza kuti pamsonkhano wa patchire paja padalankhulidwadi zachiwawa, ndiponso kuti m'mene zinthu zidafikira boma lidayenera kuchitapo kanthu. Koma adapezanso kuti chiwembu chopha azungu chija padalibe, kuti apolisi ndi asilikali adamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, komanso kuti kudana ndi Chitaganya kudali kozika mizu pafupifupi mwa munthu wakuda aliyense. Mfundo yomalizayi ndiyo idali yochititsa manyazi zedi, chifukwa atsamunda ankati odana ndi Chitaganya ndi kagulu kochepa ka anthu ophunzira osokoneza anzawo. Zimene Devlin adanena mu 1959 ndi zomwe zija Bledisloe adanena zaka 20 m'mbuyomo. Anthu 51 adafa kuti Angerezi amve zimene zidali kale m'mabuku awo.

Apa mnzathu wa pabawo uja adzuka. Ati, "Mwadzitsutsa nokha. Ngati Angerezi adamva chifukwa cha mwazi, ndiye kuti mwaziwo udafunika." Mfundo yake ili ndi mphamvu ndipo sindiipeputsa. N'zoona kuti zochitika za 1959 zidagwedeza London. Koma taganizirani za bambo amene akukana kutengera mwana wake kuchipatala mpaka mwana wina atamwalira. Kodi tinganene kuti imfa ya woyambayo idafunika kuti wachiwiri achire? Idafunika pokhapokha chifukwa bamboyo adali wouma mutu, ndipo mlandu ndi wa kuuma mutuko. Tikamati mwazi udafunika timachotsa mlandu pa wouma mutu n'kuusenzetsa mbiri, imene ilibe khosi loti n'kuugwira.

Onaninso m'mene zinthu zidasinthira msanga anthu ena atakhala pamipando. Iain Macleod adakhala nduna yoona za maiko a atsamunda mu Okutobala 1959. Mu Januwale 1960 nduna yaikulu Harold Macmillan idadzionera yokha mkwiyo wa anthu panja pa hotela ya Ryall's mu Blantyre muno. Pa 1 Epulo Macleod adatulutsa Dr. Banda m'ndende, Welensky akukana. Mu Okutobala bungwe la Lord Monckton lidati maiko a m'Chitaganya apatsidwe mwayi wotuluka, mawu amene ku Salisbury adali ngati mwano. Chisankho cha mu Ogasiti 1961 chidapatsa chipani cha Malawi Congress mipando yambiri, pa 19 Disembala 1962 R. A. Butler adalengeza kuti Nyasaland iloledwa kupatuka, ndipo pa 31 Disembala 1963 Chitaganya chidatha. Chuma, ngongole ndi asilikali adazigawana pathebulo ku Victoria Falls. Mitundu idali yomweyo, mantha adali omwewo, Welensky adali ndi asilikali ndi ndege zankhondo. Chidasintha n'chakuti wina adatsegula khomo. Kumene khomo lidatsekedwa, ku Southern Rhodesia, Ian Smith adalengeza ufulu wa azungu okha pa 11 Novembala 1965, ndipo nkhondo idadya anthu mpaka 1979.

Wina angati nkhani yathu njosiyana chifukwa tinkapatuka kwa atsamunda. Tiyeni tsono tione ku Nigeria, kumene akuda okhaokha adamenyana. M'chaka cha 1966 asilikali adalanda boma kawiri, ndipo anthu zikwizikwi a mtundu wa Igbo adaphedwa kumpoto kwa dzikolo, otsala n'kuthawira kwawo kuvuma. Mu Januwale 1967 Yakubu Gowon, mtsogoleri wa dziko, ndi Odumegwu Ojukwu, mtsogoleri wa chigawo cha kuvuma, adakumana ku Aburi m'dziko la Ghana ndipo adagwirizana kuti zigawo zikhale ndi mphamvu zambiri. Atabwerera kwawo aliyense adamasulira panganolo mwa iye yekha. Pa 27 Meyi Gowon adagawa dziko m'zigawo 12, pa 30 Meyi Ojukwu adalengeza dziko la Biafra, ndipo mfuti zidayamba kulira pa 6 Julayi 1967, tsiku limene ife kuno tinkakondwerera zaka zitatu za ufulu wathu. Pofika Januwale 1970 anthu miliyoni imodzi kapena kuposa adali atafa, ambiri a iwo ana ofa ndi njala. Anthu awiriwa adakhalapo pathebulo limodzi n'kumvana miyezi isanu ndi umodzi nkhondo isanayambe. Amene akuti nkhondoyi idali yosapeweka atiuze chimene adakatsata ku Aburi.

Nanga kuichedwetsa? Apa ndipo ambiri amasokonezeka, poganiza kuti kuchedwetsa nkhondo ndi theka la kuipewa. Angerezi adachedwetsa nkhani ya Nyasaland kuyambira 1953, akumati anthu akuda adzazolowera akaona misewu ndi zipatala za ndalama za Chitaganya. Zipatala zidamangidwadi, cha Queen Elizabeth chimene timapitako tikadwala chidatsegulidwa m'zaka zomwezo. Koma mkazi wokwatiwa mokakamiza samutonthoza ndi nsalu. Kuchedwa kumathandiza ngati nthawiyo ikugwiritsidwa ntchito kuchotsa chodandaulitsa. Kupanda apo kuli ngati kuvundikira mphika wowira n'kukhalira chivundikirocho.

Ndikulemba izi chifukwa nafenso tili ndi mphika wathu. M'chaka cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ya boma ndipo chidabwereranso mu 1994. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera kuzigawo za kwawo, ndipo ambiri amene adalongedza katundu kuchoka m'sukulu za kumwera ndi pakati adali a kumpoto. Njira yosankhira ophunzira a kuyunivesite potengera boma lochokera idapweteka mabanja ambiri isanathetsedwe mu 2020. Chisankho cha 2014 chitatha, ena a kumpoto adayamba kulankhula za boma la zigawo zodzilamulira, ndipo owerengeka adatchula za kupatuka kumene. Ine sindifuna kuti Malawi agawike. M'mzere wa nyumba zathu ku Nkolokosa mudali Mtumbuka, Mlomwe, Myao ndi Msena, ndipo ana awo adakwatirana. Koma ndidamva anthu ophunzira bwino akuyankha madandaulo amenewa ndi mawu akuti ndi kagulu kochepa ka anthu okonda maudindo kamene kakusokoneza anzawo. Ndidawafunsa ngati akudziwa amene adayamba kulankhula choncho m'dziko muno, ndi za anthu ati. Sadandiyankhe, ndipo minibasi idali itafika kale pa Kanjedza pamene iwo ankatsikira.