Chakudya cha kuchipatala chiyezedwe pambale ya wodwala

Nkhani ya chakudya m'zipatala za boma ikabuka, ambiri timangofunsa kuti odwala akudya kangati patsiku. Ine ndikuona kuti funsoli palokha ndi losakwanira. Khitchini ikhoza kuphika katatu, koma nsima yambiri n'kutayidwa chifukwa yafika kuwodi itazizira kapena nyemba sizinapse.

Pali zinthu zitatu zimene chipatala chilichonse chingayeze ndi sikelo, wotchi ndi kope basi. Choyamba ndi mtengo wodyetsera wodwala mmodzi patsiku: ndalama za ufa, ndiwo, nkhuni ndi magetsi kuzigawa ndi chiwerengero cha ogonekedwa. Chachiwiri ndi mphindi zimene chakudya chimatenga kuchoka pamoto kufika pabedi. Chachitatu, chomwe chimaiwalika, ndi zotsala m'mbale. Tiyerekeze kuti wodi yalandira makilogalamu 40 a nsima ndipo 10 abwerera. Ndiye kuti kota ya ufa yapita pachabe, ndipo ena amwa mankhwala a TB kumimba kulibe kanthu, pomwe m'mabuku mwalembedwa kuti adya.

Sikofunika kuyeza tsiku lililonse. Masiku angapo pamwezi osankhidwa mwa maere, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu, angaonetse chithunzi, bola ophika asadziwiretu. Koma avereji ya chipatala chonse imabisa zambiri, choncho wodi ya ana, ya amayi oyembekezera ndi ya opareshoni ziziyezedwa padera. Woyeza azifunsanso chifukwa chake mbale yabwerera, poti mwina wodwala wadya zimene womudikirira waphika kuchitando.

Mu 1978, akatswiri atatu, Charnes, Cooper ndi Rhodes, anafalitsa njira ya masamu yofananizira mabungwe ogwira ntchito yofanana poona zimene alowetsa ndi zimene atulutsa. Nzeru yake ndi yakuti chipatala cha ku Ntchisi tichifananize ndi cha ku Dowa, osati ndi Kamuzu Central. Ngati china chikudyetsa bwino ndi ndalama zofanana, chinzakecho chikaphunzire kumeneko.

Makhansala ndi makomiti oyang'anira zipatala, pamsonkhano wotsatira musangofunsa matumba a ufa amene agulidwa. Funsani kuti ndi nsima yochuluka bwanji imene yalowa m'mimba mwa odwala.